Mkungudza wa ku Mulanje: kubzala mtengo kumayamba ndi kuudziwa

M'chaka cha 2017 akatswiri a za nkhalango adayendera phiri la Mulanje kukawerenga mitengo ikuluikulu ya mkungudza imene idatsala, ndipo adangopeza 7 yokha. Pobwereranso chaka chotsatira sadapeze mtengo waukulu wobereka njere ngakhale umodzi uli chiimire. Uwu ndi mtengo umene boma la Malawi lidausankha m'chaka cha 1984 kuti ukhale mtengo wa fuko, ndipo sumera mwachilengedwe kwina kulikonse pa dziko lapansi koma pa phiri limeneli. Zimene zidautha nzodziwika kwa aliyense: macheka a anthu ocheka matabwa mozemba, moto wolusa wa chaka ndi chaka, umphawi wa midzi ya m'tsinde mwa phiri ndiponso kufooka kwa malamulo. Koma pali chifukwa china chimene sichitchulidwa kawirikawiri, chonsecho ndicho chikukhudza alangizi mwachindunji. Kwa zaka zoposa 30 mabuku a sayansi ankautchula mtengowu ndi dzina la mtengo wina.

Nkhani ya dzinali idayamba m'chaka cha 1891 pamene Alexander Whyte, katswiri wa zomera wa ku Scotland, adakwera phiri la Mulanje natenga zitsanzo za nthambi ndi zipatso za mtengowu. M'chaka cha 1894 Alfred Rendle wa ku London adaulemba m'mabuku ndi dzina loti Widdringtonia whytei, pokumbukira Whyte. Tsono m'chaka cha 1966 katswiri wina wa ku South Africa, Marsh, adagamula kuti mkungudza wa ku Mulanje si mtundu wapadera ayi, koma ndi womwewo umene umapezeka m'mapiri kuyambira ku Cape mpaka kum'mawa kwa Zimbabwe, umene lero umatchedwa Widdringtonia nodiflora. Kulakwitsaku nkomveka. Nthambi youma yomatidwa pa pepala m'nyumba yosungira zitsanzo za zomera imaonetsa masamba ndi zipatso, ndipo pa zimenezi mitengo iwiriyi njofanana kwambiri. Pepala silionetsa msinkhu wa mtengo, silionetsa kukhuthala kwa khungwa la pa thunthu, ndipo silinena chimene chimachitika moto ukadutsa. Mpaka m'chaka cha 1997 ndi pamene Anton Pauw ndi Peter Linder a ku yunivesite ya Cape Town, atakayeza mitengo yamoyo pa phiri pomwepo, adatsimikiza kuti pa Mulanje pali mitundu iwiri yosiyana yomera moyandikana.

Ena angaone ngati uwu udali mkangano wa anthu ophunzira chabe, wosakhudza mlimi kapena mlonda wa nkhalango. Sichoncho. Mtengo umene mabuku akuti ukupezeka m'maiko anayi, pa mtunda wa makilomita zikwi, palibe amene amaudera nkhawa kuti ungathe. Ndipo mitengo iwiri ikakhala ndi dzina limodzi, wotola njere alibe chifukwa chosankhira. Munthu amene wauzidwa kuti adzaze thumba adzathyola zipatso pa mtengo waufupi umene angaufikire ataima pansi, sangavutike kukwera thunthu losalala lopanda nthambi mamita 20. Mtengo waufupiwo ndiye nodiflora. M'minda ina ya mitengo imene idabzalidwa ndi dzina la mkungudza wa ku Mulanje mudadzapezeka kuti mitundu iwiriyi idasakanizika, ndipo cholakwa cha mtundu umenewu chimaonekera patapita zaka zambiri, wobzala atapuma kale pa ntchito.

Chisokonezo sichili m'Chilatini mokha. M'Chichewa mawu oti mkungudza amasenza mitengo yambiri. M'Baibulo ndi dzina la mitengo ya ku Lebanoni, imene ili ya banja la paini ndipo ilibe chibale chapafupi ndi wa ku Mulanje. M'matauni ndi m'masukulu anthu ena amatchula dzina lomwelo poloza mtengo wa sayipulesi, Cupressus lusitanica, umene udachokera ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo. Ku Nyika kuli nkhalango yaing'ono ya mtengo wina wa matabwa onunkhira, Juniperus procera, umene pa Chingerezi nawonso umatchedwa ndi dzina la mkungudza. Ku Mulanje kwenikweniko ocheka matabwa ndi ogulitsa ziboliboli amangoti sida. Choncho mlangizi akalemba mu lipoti kuti gulu la alimi lafesa mikungudza 5,000, wowerenga ku likulu sangadziwe kuti m'machubumo muli chiyani.

Mwayi wake ngwakuti kusiyanitsa mitengo ya fuko la Widdringtonia ndi inzake ija nkosavuta, ndipo sikufuna chida chilichonse. Chipatso ndicho chimaulula. Chipatso cha Widdringtonia ncholimba ngati mtengo, chobulungira, kukula kwake pafupifupi masentimita awiri, ndipo chikakhwima chimang'ambika m'zigawo zinayi zokha, nkutaya njere zakuda zokhala ndi kaphiko kouluka nako ndi mphepo. Cha sayipulesi nchocheperako, chimakhala ndi zigawo 6 mpaka 8, ndipo chigawo chilichonse chili ndi kansonga pakati. Cha mtengo wa ku Nyika uja sichilimba konse: nkachipatso kofewa, kakuda mobiriwira, kukula ngati njere ya nandolo, kamene mbalame zimadya. Masamba okha sangadaliridwe chifukwa pa mitengo itatu yonseyi, ikakula, masamba ndi timamba tating'ono tomatirira ku kanthambi ngati mamba a nsomba. Nkofunikanso kudziwa kuti mbande ya Widdringtonia siyamba ndi masamba otere. Imayamba ndi timasamba titalititali tonga singano, tofewa, totalika mpaka masentimita awiri, ndipo timamba tija timabwera mtengo ukamakula. Alipo osamalira nazale amene amadabwa poona masamba a mitundu iwiri pa kamtengo kamodzi nkuganiza kuti kadwala, pamene nchilengedwe chake.

Ntchito yeniyeni ili pa kusiyanitsa abale awiri a pa Mulanje, ndipo apa akuluakulu adanena zoona kuti kuona maso a nkhono nkudekha. Widdringtonia whytei ndi mtengo wa thunthu limodzi lowongoka, umene umatha kufika mamita 40, ndipo thunthu la mtengo wokalamba limaposa mita imodzi m'mimba mwake. Ukali waung'ono umasongoka kumutu, koma ukakalamba nthambi zake zimatambalala mofanana pamwamba pa mitengo ina yonse ya m'nkhalango, zitalendewera ndere zotuwa. Khungwa lake nlokhuthala, lofewa ukalitsina, long'ambika m'mizere yotsika ndi thunthu. Widdringtonia nodiflora kawirikawiri supitirira mamita 10, umakhala wowonda kumutu, khungwa lake nlopyapyala ndipo limasendeka m'timizere titalititali. Chizindikiro chachikulu chili pansi, pa tsinde. Nodiflora ukapsa kapena kudulidwa umaphukira pa chitsa, kotero umapezeka uli ndi mathunthu atatu, anayi kapena oposa pamenepo ochokera pa muzu umodzi. Whytei suphukira. Ukadulidwa kapena kupsa mpaka kufa, chitsa chake chimangokhala chitsa, ndipo mtengo wina ungabwere pamalopo kudzera m'njere basi.

Kusiyana kumeneku ndiko kumalamula moyo wonse wa mtengowu. Mkungudza wa ku Mulanje umamera pa mtunda wa pakati pa mamita 1,800 ndi 2,550 kuchokera pa nyanja yamchere, m'makwawa ndi m'mbali mwa zigwa za pamwamba pa phiri monga ku Lichenya, Chambe, Thuchila ndi Sombani, kudzanso pa phiri la Mchese limene lili kumpoto kwake. Pamwamba penipeni pa Sapitwa, pa mamita 3,002, palibe mkungudza, pali miyala ndi udzu. Kumalo kumene umamerako kumagwa mvula yambiri m'dzinja, ndipo m'miyezi yozizira nkhungu ya chiperoni, yobwera ndi mphepo yachinyezi kuchokera cha ku Mozambique, imanyowetsa nthambi ndi nthaka pamene kuchigwa kuli gwa. Koma ngakhale ndi mtengo wa m'nkhalango, mbande zake sizikula pa mthunzi. Pansi pa mikungudza ikuluikulu pamamera mitengo ya masamba aakulu monga Podocarpus milanjianus ndi Olea capensis, imene imatseka dzuwa, ndipo njere ya mkungudza yogwera pamenepo ilibe tsogolo. Imafuna nthaka yoyera, pamalo pamene padutsa moto kapena pagumuka dothi, kawirikawiri m'mphepete mwa nkhalango pakati pa zitsamba za Erica.

Apa ndiye pali mfundo yovuta. Mtengowu umafuna moto kuti upeze pomera, komanso moto womwewo ndiwo umaupha. Mtengo wokalamba wa khungwa lokhuthala ungapirire moto wofatsa, koma mbande ndi timitengo ta zaka zochepa timafa ndi moto uliwonse. Chimene mkungudza umafuna ndi moto wobwera kamodzi, kenaka zaka zambirimbiri zopanda moto kuti ana ake akhwime. Alenje ndi ocheka matabwa atayamba kutentha phiri chaka chilichonse m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, nodiflora udapitiriza kuphukira pa zitsa zake monga mwa masiku onse, pamene whytei udaleka kubereka m'badwo watsopano. Munthu wosadziwa kusiyanitsa akanayenda pa phiri nkuona timitengo tobiriwira tophukira pa lupsa, nkubwerera kukanena kuti mkungudza ukudzibwezeretsa wokha.

Nawo matabwa ake adauputira tsoka. Ngonunkhira, ngopepuka, chiswe sichiwadya ndipo sawola msanga ngakhale pa madzi. Nchifukwa chake ankafunidwa pofolera nyumba, popanga zitseko ndi mafelemu, pokhoma mabwato a asodzi a pa nyanja ya Malawi, kudzanso timabokosi timene timagulitsidwa kwa alendo pa Likhubula. Popeza suwola, mkungudza wakufa umatha kuima zaka zambiri matabwa ake ali abwinobwino. Poona zimenezi Dipatimenti ya za Nkhalango idakhazikitsa lamulo looneka lanzeru, loti chilolezo chizipatsidwa chocheka mitengo yakufa yokha. Lamuloli lidasanduka msampha, pakuti ofuna matabwa adaona kuti mtengo wamoyo ungasandutsidwe wakufa pousenda khungwa mozungulira kapena pousonkhera moto pa tsinde. Zilolezo zidalekeka m'chaka cha 2007, koma macheka sadaleke kulira.

Adani ena adachokera kunja. M'chaka cha 1986 nsabwe za m'mitengo ya sayipulesi zidaoneka ku Malawi koyamba mu Africa, ndipo m'zaka zochepa zidafalikira ku Tanzania, Kenya ndi maiko ena a chigawo chino. Nsabwezi zimayamwa madzi m'tinthambi mpaka masamba kufiira ndi kuuma, ndipo sizidasiye mkungudza wa pa phiri popeza ndi wa banja limodzi ndi sayipulesi. M'zaka za m'ma 1990 ofufuza adabweretsa kamavu kakang'ono kotchedwa Pauesia juniperorum kamene kamaikira mazira m'thupi la nsabwezo. Nayo paini wa ku Mexico, Pinus patula, amene adabzalidwa ku Chambe ndi malo ena a pamwamba pa phiri, adatuluka m'minda yake nayamba kulanda malo oyera omwe aja amene mbande za mkungudza zimafuna, popeza amakula msanga kuposa mkungudza. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 nkhalango za mkungudza zidayezedwa kuti zidali mahekitala 1,462. Lipoti la Julian Bayliss ndi anzake la m'chaka cha 2007 lidapeza mahekitala 845, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mitengo yoimirira lidali lakufa. Zaka 10 zotsatira zidamaliza zotsalazo.

Pali mawu otsutsa amene ayenera kumvedwa mwachilungamo. Mlangizi wa ku Chipata, ku Angónia kapena ku Dedza ali ndi alimi mazanamazana, ali ndi nkhani za chimanga, feteleza, mbozi ndi ngongole, ndipo mkungudza wa ku Mulanje sudzamera m'munda wa mlimi wa kuchigwa. Kuwonjezera apo, amene ankanyamula matabwa pamutu usiku kutsika nawo phiri sankasokonezeka ndi dzina lililonse. Iwo ankaudziwa bwino lomwe mtengo weniweni, kuposa mabuku a ku Pretoria. Zonsezi nzoona, ndipo palibe anganene kuti dzina lolondola likadathyola mano a sowo. Komatu mawu omwewa ali ndi mbali yochititsa manyazi. Owononga ankadziwa mtengo umene ankafuna, pamene ambiri mwa olembedwa ntchito yoteteza ndi kubzala ankadalira dzina lolembedwa pa thumba la mbewu. Ndipo tsopano, mitengo ikuluikulu itatha pa phiri, tsogolo lonse la mtengowu ladutsira m'manja mwa anthu a nazale, otola njere ndi alangizi amene amawaphunzitsa.

Kuyambira m'chaka cha 2016 bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, nthambi yofufuza za nkhalango ya FRIM ya ku Zomba ndi bungwe la Botanic Gardens Conservation International adagwirizana pokhazikitsa nazale m'midzi yozungulira phiri. Anthu a m'midzi adafesa njere, mbande nkumagulidwa kwa iwo, ndipo mbande mazana a zikwi zidakwezedwa pamutu kukabzalidwa pa phiri. Njere zake zidachokera makamaka ku mitengo imene idabzalidwa kale kunja kwa Mulanje, monga pa phiri la Zomba. Ntchitoyi njoyamikika, koma ikuonetsanso pamene pali chiopsezo. Ku nazale mbande ya whytei ndi ya nodiflora nzovuta kwambiri kuzisiyanitsa: zonse ziwiri zili ndi timasamba tonga singano, zonse nzobiriwira mofanana, ndipo khungwa ndi msinkhu zimene zikadathandiza sizidaoneke. Chizindikiro chokhacho chodalirika ndi mbiri ya mayi wake. Thumba la njere liyenera kunena malo kumene zidatoledwa, tsiku, dzina la wotola, ndiponso kuti mitengo yoberekayo idayenderedwa ndi munthu wodziwa amene adaona thunthu, khungwa ndi tsinde lake. Mbewu yopanda mbiri yotere mlangizi ayenera kuikana, ngakhale itabwera yaulere, ngakhale itabwera ndi galimoto ya bungwe. Ndi mfundo yomweyo imene alangizi amaphunzitsa alimi pa mbewu ya chimanga, kungoti cholakwa cha chimanga chimaululika pa miyezi inayi.

Nkofunikanso kuti njere zitoledwe pa mitengo yambiri yotalikirana, osati pa umodzi kapena iwiri yobereka kwambiri ya pafupi ndi msewu. Mtundu umene watsala m'minda yowerengeka wataya kale mbali ina ya mphamvu zake zachibadwa, ndipo nkhalango yonse yochokera kwa mayi mmodzi ingathe kugwa ndi nthenda imodzi. Momwemonso malipoti aleke kuthera pa chiwerengero cha mbande zobzalidwa. Wodziwa moyo wa mtengowu adzafunsa ngati mbande zidabzalidwa poyera kapena pa mthunzi, ngati mizere yotchinga moto idalambulidwa chilimwe chisanafike pachimake, ngati paini womera yekha adazulidwa, ndiponso kuti pa mbande 100 zobzalidwa zingati zili moyo patatha zaka zitatu. Tsiku la mwambo wobzala mitengo limabwera ndi nyimbo ndi alendo olemekezeka mu Januwale. Mbandeyo imayesedwa mu Okutobala, alendo atapita.

Alangizi a maiko oyandikana ali ndi mbali yawo. Ku Nyanga ndi ku Chimanimani m'dziko la Zimbabwe, kudzanso pa phiri la Gorongosa ku Mozambique, Widdringtonia womera mwachilengedwe ndi nodiflora. Ndi mtengo woyenera ulemu pa wokha, wogwira nthaka m'malo otsetsereka ndi wopirira moto, koma usalembedwe m'malipoti ngati mkungudza wa ku Mulanje, ndipo njere zake zisatumizidwe kwina ndi dzina limenelo. Ku South Africa kuli abale ena awiri, wa m'mapiri a Cederberg ndi wa ku Baviaanskloof, ndipo wa ku Cederberg nawo watsala pang'ono kutha pa zifukwa zofanana, zodula ndi moto. Kumene mkungudza wa ku Mulanje ukuyesedwa m'minda ya kafukufuku ya m'malo okwera ndi ozizira, m'dziko lililonse, kaundula wa mundawo asunge gwero la mbewu, chifukwa mitengo imeneyo ingadzakhale nkhokwe ya njere mawa. Ogwira ntchito m'maboma a m'malire, makamaka cha ku Muloza ndi Milange, adziwenso kuti kuyambira m'chaka cha 2019 mtengowu uli pa ndandanda wachiwiri wa pangano la CITES, kutanthauza kuti matabwa ake sangadutse malire popanda chilolezo. Thabwa la sida limadziwika ndi fungo lake, ndipo fungolo silichoka ngakhale thabwa litakhalitsa.

Mlangizi wokayika za mtengo umene wauona sayenera kulota dzina. Athyole kanthambi kokhala ndi zipatso zokhwima, akapanikize pakati pa mapepala a nyuzi, alembe malo, msinkhu wa mtengo, maonekedwe a khungwa ndi chiwerengero cha mathunthu a pa tsinde, nkutumiza ku nyumba yosungira zitsanzo za zomera ya ku Zomba, ya ku Harare kapena ya ku Maputo. Mawu olembedwa pambaliwo ngofunika kuposa kanthambi komweko, pakuti ndiwo amanena zimene pepala lidalephera kuonetsa m'chaka cha 1966. M'chaka cha 2025 bungwe la UNESCO lidaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi chifukwa cha chikhalidwe cha anthu olizungulira, ndipo alendo okwera phirili akufunsa za mtengo wa fuko. Chimene owaperekeza angawaonetse lero ndi zitsa zonunkhira ndi timitengo tating'ono tobzalidwa ndi manja, timene tidzafunika kutetezedwa ku moto chilimwe chilichonse kwa zaka makumi angapo tisanayambe kutambalala kumutu.